Injini ya makina opera zitsa ikatha msanga: poyambira kufufuza

Mu Okutobala chaka chatha, dzuwa lili pamutu, bambo wina wa cha ku Bvumbwe anatsitsa makina opera zitsa pagalaja panga ku Luchenza. Moni anayankha mothamanga.

"A mekaniki, injini iyi anandinamiza nayo. Miyezi inayi yokha, yayamba kale kufuka ngati uvuni wa njerwa."

"Pepani bambo. Maring'i munasinthapo?"

"Kawiri konse."

Nditamva kawiriko ndinadziwa kuti vuto silili pa maring'i, timphete tachitsulo tozungulira pisitoni totseka mpata pakati pa iyo ndi silinda. Maring'i ndi amene akudyedwa, koma chikuwadyacho chikadali m'makinamo, ndipo mukaika achitatu chidzawadyanso. Malangizo ndikupatsaniwa ndi a mmene mungachipezere musanataye ndalama pa masipeyala.

Kwa amene simunawaonepo, makinawa ali ndi gudumu lachitsulo lolemera kutsogolo, lokhala ndi mano a carbide (chitsulo cholimba kwambiri) m'mphepete mwake. Injini imazungulitsa gudumulo ndi lamba, manowo n'kumanyenya chitsa pang'onopang'ono mpaka kulowa pansi pa nthaka. Kuno kwathu amawafuna kwambiri pa zitsa za bulugamu, paja bulugamu ukangomudula osachotsa chitsa amaphukiranso, komanso pokonza malo omangapo nyumba kapena obzalapo makademiya. Ang'onoang'ono okankha ndi manja ambiri amakhala ndi injini ya Honda GX390 kapena ina yofanana nayo, yomwe ija timaiona pa majeneleta ndi mapampu a madzi. Ena okulirapo ali ndi Kohler kapena Briggs & Stratton ya masilinda awiri. Manambala amene nditchule pano ndi a GX390. Ngati yanu ndi ina, njira yofufuzira ndi yomweyo koma manambala muone m'buku lake.

Kusiyana kwake n'kwakuti injini ya pa jeneleta imakhala pakhonde, pamthunzi, pamalo osesa. Ya pa makinawa imagwira ntchito m'kati mwa fumbi limene ikudzipangira yokha, itapendekeka, ikunjenjemera.

Choyamba, funsani musanagwire sipanala

Mwini makina nthawi zambiri si amene amawagwiritsa ntchito. Itanani mnyamata amene amakhala nawo kumunda, ndipo mumufunse abwana ake ali patali. Akakhala pafupi amangoti "zonse timachita bwinobwino". Mufunseni kuti oyilo anasintha liti, anathira wamtundu wanji, fyuluta amatsuka bwanji, petulo amagula pa pampu kapena wa m'zigubu, komanso malo amene anagwirako komaliza anali otsetsereka motani. Funsaninso maola, osati miyezi. Makina amene amapera tsiku lonse masiku asanu ndi limodzi pa sabata amakwanitsa maola 100 pasanathe masabata atatu. Honda imati oyilo woyamba achotsedwe pa maola 20, kenako pa maola 100 aliwonse, ndipo pafumbi muzichita msanga kuposa apo. Munthu amene amasintha oyilo "mwezi ukatha" angakhale akudutsitsa malire osadziwa.

Apa pomwe mutsimikizenso kuti injiniyo yathadi. Ku Bvumbwe ndi pamwamba, mamita opitirira 1,000, ndipo injini yotere imataya mphamvu pafupifupi 3.5 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera. Makina amene ankalusa ku Nchalo akhoza kumveka ofookerako ku mapiri a Thyolo popanda chilichonse chowonongeka.

Chachiwiri, tsatirani njira ya mpweya

Apa ndi pamene muyenera kukhalitsa. Mwa mainjini a makinawa amene anafika m'manja mwanga atatha msanga, ochuluka anaphedwa ndi fumbi.

Musanatsegule chivindikiro cha fyuluta, pukutani kunja konse ndi kansalu konyowa, kuopa kuti mungagwetsere nokha dothi m'kati n'kusokoneza umboni. Tsegulani, chotsani fyuluta mosamala, koma musathamangire kuyang'ana kunja kwake. Kunja kwa fyuluta kumayenera kuda, ndiyo ntchito yake. Chimene mukufuna ndi mbali ya m'kati, yoyang'ana ku kabuleta. Lowetsani chala choyera pakhosi pa kabuleta, mupukute, muyang'ane chalacho padzuwa. Chikatuluka choyera, fumbi silikudutsa. Chikatuluka ndi kafumbi kofiirira, kaja ka katondo wa m'minda ya tiyi, ndipo mukatikita ndi chala china n'kumamva ngati ufa wa mgaiwa, dziwani kuti injini yakhala ikumeza dothi. Fumbi limeneli lili ndi timchenga tolimba kuposa chitsulo cha silinda. Likasakanikirana ndi oyilo limasanduka phala lopalira, ndipo pisitoni ikamakwera ndi kutsika maulendo 3,600 pa mphindi, phalalo limapala maring'i usana wonse.

Mukapeza fumbi, funani polowera pake. Tengani fyuluta ya pepala mulowe nayo m'chipinda cha mdima, muike tochi ya foni m'kati mwake, muzungulize pang'onopang'ono. Kuwala kofanana paliponse ndi kwabwino. Kadontho kowala kwambiri ndi kabowo. Yang'anani labala wa pansi pa fyuluta ngati waphwanyika, wauma kapena wasowa. Yang'anani kanati komanga fyulutayo, chifukwa kunjenjemera kwa makinawa kumamasula, fyuluta n'kumavina pampando pake. Onani gasiketi za pakati pa kabuleta ndi mutu wa injini, ndiponso kapaipi ka labala kochokera pa chivindikiro cha mavalavu kupita ku fyuluta. Kakang'ambika kapena kakachoka, fumbi limalowera pamenepo fyuluta ili chikhalire yatsopano.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ndimalimbana nazo ndi anyamata. China ndi kupopera fyuluta ya pepala ndi kompuresa ya matayala, mphamvu yonse, pafupi. Imaoneka yoyera, koma pepala lija latseguka timabowo tosaoneka ndi maso. China n'choipa kuposa apo: fyuluta ikatsekeka pakati pa ntchito, injini n'kuyamba kutsamwa, mnyamata amaichotsa n'kuiika pamwala kuti "ndingomaliza chitsa chimodzichi". Chitsa chimodzi cha bulugamu wamkulu m'chilimwe, popanda fyuluta, chimakwana kuyambitsa matenda onse. Kasiponji kokuta kunja kwa fyuluta ya pepala mukhoza kuchapa ndi madzi a sopo, kuumitsa bwino, kunyowetsa ndi oyilo pang'ono n'kufinya. Pepala likada kwambiri, gulani lina. Ndipo pogula, yerekezani ndi lakale. Mafyuluta ena otchipa a m'misika amafanana maonekedwe koma ndi aafupi pang'ono, sakhala mothina.

Chachitatu, oyilo akuuzeni zimene waona

Imikani makina pamalo athyathyathya, injini ikhale yowongoka, muone mlingo wa oyilo. GX390 imalowa lita 1.1 basi, ilibe fyuluta ya oyilo, ilibenso pampu ya oyilo. Kachitsulo ka pansi pa con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft (shafiti yaikulu imene pisitoni imazungulitsa), ndi kamene kamamwaza oyilo m'kati monse. Ndiye chilichonse chimene chalowa mu oyiloyo chimazungulira momwemo mpaka tsiku lomukhetsa.

Nunkhizani kaye. Akamanunkha petulo, ndipo mlingo wakwera m'malo motsika, petulo akutsikira m'munsi. Kawirikawiri zimachitika ponyamula makina pa galimoto kampopi ka petulo kali kotsegula. M'misewu yathu ya mabampu yolowera m'maesiteti, kasingano ka m'kabuleta kamadumphadumpha, petulo n'kumasefukira mu silinda mpaka kutsikira mu oyilo. Oyilo wosungunuka chonchi sagwira pa chitsulo. Kutseka kampopiko ndi ntchito ya chala chimodzi, koma ndaona mainjini atatha chifukwa cha iko.

Kenako lizani injini mphindi zochepa kuti oyilo atenthe, muzimitse, mukhetsere m'mbale yoyera bwino. Itengereni padzuwa muipendeketse. Kunyezimira kwa tinthu tating'ono kwambiri ngati fumbi la siliva ndi chitsulo chimene chikupalika. Ikani maginito m'mbalemo, ngakhale a sipika yakale ya wailesi. Zimene zakakamira ndi chitsulo cha maring'i, silinda kapena crankshaft. Zonyezimira zimene zakana maginito ndi aluminiyamu, wochokera ku pisitoni kapena con rod, ndipo zimenezo zikachuluka musalizenso injiniyo. Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mwalowa madzi, mwina makina anagona panja nthawi ya chiperoni kapena wina anawatsuka ndi paipi. Tikitaninso oyilo wa pansi pa mbale pakati pa zala. Mukamva mchenga, ganizirani za fanulo ndi botolo zimene amathirira oyilo kumunda. Ndinaonapo fanulo ikutoledwa pansi, kuipukuta pa ovolosi, n'kuthirira.

Za mtundu wa oyilo, buku limati 10W-30. Chimene ndimakana ine ndi oyilo wa m'mabotolo a zakumwa wogulitsa m'mbali mwa msewu, amene simudziwa kuti anachokera mu injini ya ndani.

Nkhani ya kutsetsereka ilowe pomwepa. Injini zimenezi siziyenera kugwira ntchito zitapendekeka kupitirira madigiri 20. Ku Thyolo ndi m'munsi mwa phiri la Mulanje malo athyathyathya ndi osowa, ndipo makinawo amaweramanso okha pamene gudumu likulowa m'dzenje. Oyilo amathawira mbali imodzi, kachitsulo komwaza kaja n'kumamenya mphepo. Pali kachipangizo kotchedwa Oil Alert kamene kamazimitsa injini oyilo akachepa. Yang'anani waya wake m'mbali mwa injini. Mukapeza wadulidwa kapena wazulidwa, musafunsenso zambiri: injini inkazimazima pamtsetse, wina anatopa nayo n'kuitseka pakamwa.

Chachinayi, utsi ndi pulagi

Izi n'zachangu. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa. Wakuda ndi petulo wochuluka, kawirikawiri chifukwa cha fyuluta yotsekeka kapena choki yosatseguka bwino, ndipo petulo wochulukayo amatsuka oyilo pakhoma la silinda. Utsi woyera umene umatuluka mukangoliza n'kusiya pakapita mphindi zingapo nthawi zambiri ndi wa makina amene anagonekedwa chammbali ponyamula. Pulagi, yomwe pa GX390 ndi NGK BPR6ES ya mpata wa mamilimita 0.7 mpaka 0.8, ikakhala yonyowa ndi oyilo ikugwirizana ndi utsi wabuluu. Ikakhala yoyera mbuu ngati choko, injini ikulandira petulo wochepa ndipo ikutentha mopitirira. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, ndipo akakhalitsa m'thanki amakoka chinyezi n'kutseka tinjira ta m'kabuleta. Makina amene anaima dzinja lonse ndi petulo m'kati ayambe atsukidwa kabuleta musanawaweruze.

Chachisanu, mphamvu ya kupanikiza

Musanayeze kompuresheni, yezani mpata wa mavalavu injini itazizira. Valavu yolowetsa mpweya ikhale mamilimita 0.15, yotulutsa utsi 0.20. Ambiri amadumpha apa n'kugamula kuti maring'i atha, pamene valavu yangothina ndipo sikutseka. Komanso mpata wa valavu yolowetsa ukamachepa mobwerezabwereza mutauchuna kale, ndi umboni wina wa fumbi: likudya nkhope ya valavuyo, iyo n'kumamira pampando pake.

Geji ya kompuresheni pa injini izi imanyenga. M'kati muli kachipangizo kotsegula valavu pang'ono pokoka chingwe kuti dzanja lisavutike, ndiye nambala imaoneka yotsika ngakhale injini ili bwino. Chimene chimathandiza ndi kuyeza kawiri. Yezani koyamba, mulembe. Thirani kasupuni kamodzi ka oyilo pabowo la pulagi, kokani chingwe kangapo, muyezenso. Nambala ikakwera kwambiri, oyilo uja watseka mpata wa maring'i otha. Ikakhala pomwepo, kutayikira kuli ku mavalavu kapena ku gasiketi ya mutu.

Njira imene ndimaikonda ine ndi yomvetsera. Kwezani pisitoni pamwamba penipeni mavalavu onse atatseka, mumange crankshaft kuti isazungulire, mulowetse mpweya wa kompuresa pang'onopang'ono pabowo la pulagi. Ine ndimagwiritsa ntchito pulagi yakale imene ndinaiboola n'kuwotchererapo kapaipi. Ndiye tcherani khutu. Mpweya ukamalira ku kabuleta, ndi valavu yolowetsa. Ku ekizozi, ndi yotulutsa. Pothirira oyilo, ndi maring'i. Kaphokoso kakang'ono pothirira oyilo kamakhalapo pa injini iliyonse. Koma kakamafuula ngati tayala lobooka, yatha.

Chachisanu ndi chimodzi, kutentha

Masulani chivindikiro cha kumene kuli chingwe chokoka ndi malata ozungulira silinda. Injini izi zimazizira ndi mphepo yokha, yodutsa m'mizere ya pa silinda ndi pamutu. Utuchi wa bulugamu wosakanikirana ndi oyilo wodontha ndi dothi umamatirira m'mizeremo n'kuuma ngati chikhoma cha nyumba ya mavu. Kunja makina amaoneka oyera, m'kati injini yafunda bulangeti mu Okutobala. Kokotani ndi kawaya mpaka muone kuwala mbali ina.

Chachisanu ndi chiwiri, siyani injini muyang'ane kutsogolo

Zulani kaye chipewa cha pulagi. Gudumu lija silidziwa chala cha mekaniki.

Mano obuntha amapha injini mwakachetechete. Dzino lakuthwa limasenga mtengo n'kutulutsa tizipalapala. Lobuntha limangokhuta, kutulutsa ufa, ndipo wogwira makina amakankha ndi mphamvu kuti ntchito iyende. Injini imatsika liwiro n'kumabuula. Ikatsika liwiro, fani yoziziritsa nayo imatsika, pamene katundu wakula. Ndiye yang'anani mulu wa pamene anapera komaliza: ukakhala ufa wokhawokha, mano atha. Pitani dzino ndi dzino. Limodzi likathyoka kapena kusowa, gudumu limalemera mbali imodzi, ndipo kunjenjemera kwake kumafika ku mabering'i a injini, kumasula mabawuti, ndi kumasula kanati ka fyuluta kaja. Muona mmene zinthuzi zimakokerana.

Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, malo ambiri a ku Mulanje ndi Thyolo ali ndi zitsa zimene zinakwiririka ndi mchenga ndi miyala yochokera kumapiri. Kupera chitsa chotere osayamba wafukula m'mbali ndi khasu n'kuchotsa miyala kumangobunthitsa mano pamiyala. Mphindi khumi za khasu zimapulumutsa mano a ndalama zambiri.

Gwirani lamba. Wothina mopitirira amakoka crankshaft mbali imodzi tsiku lonse, bering'i ya mbali imeneyo n'kuyamba kulira, silo (labala wotseka oyilo) n'kuyamba kudontha. Chotsani lambayo, mugwire pule ya pa injini (kagudumu kamene lamba amazungulirapo), muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Isamagogode. Ikani chitsulo chowongoka pa mapule awiriwo muone ngati ali pamzere umodzi. Zungulizaninso gudumu ndi dzanja lamba atachoka. Likamalimba kapena kukhuta, mabering'i ake auma girisi ndipo injini yakhala ikukoka katundu wosaoneka.

Chinanso: onani kasipuling'i ka gavanala (chipangizo chosunga liwiro la injini) ndi sikuluwu yoletsa liwiro. Pali amisiri ena amene amakoka kasipuling'iko kuti makina "akhale ndi moto". Injini yopangidwira 3,600 ikamathamanga kupitirira apo, con rod siichedwa kuthyoka.

Pomaliza, tsegulani, koma muwerenge zimene mwapeza

Mukafika potsegula, musangotaya zakale m'ndowa. Ziyaleni pa nyuzipepala mwa dongosolo, chifukwa kuwonongeka kulikonse kuli ndi siginecha yake. Fumbi lolowera ku mpweya limayamba kudya kumwamba: tsinde la valavu yolowetsa limakhala lotuwa, ring'i yapamwamba imatha kuposa yapansi, timizere topingasa ta m'silinda timafufutika cha kumtunda, ndipo chikhadabo chimakodwa pa kamzere pamene ring'i imathera. Dothi lolowera mu oyilo limayamba kumunsi: crankshaft imakhala ndi mikwingwirima yozungulira, ring'i ya oyilo imatha kwambiri. Kusowa oyilo kumasiya aluminiyamu wa con rod atamatirira pa crankshaft, nthawi zina ndi mtundu wabuluu wa kupsa. Kutentha kumasiya mikwingwirima yotsika m'mbali mwa pisitoni, oyilo wopserera wakuda, ndi maring'i omatirira m'mipata yawo.

Yezani. Lowetsani ring'i yakale mu silinda, muikankhe ndi pisitoni kuti ikhale yowongoka, muyeze mpata wa pamene nsonga zake zimakumana. Yatsopano imakhala mamilimita 0.2 mpaka 0.4, ndipo ikafika 1.0 yatha. Silinda ya GX390 ndi mamilimita 88, malire ake ndi 88.17. Ngati mulibe choyezera m'kati mwa silinda, pitani nayo kwa okonza mainjini ku Limbe akayeze pamwamba, pakati ndi pansi. Maring'i atsopano mu silinda yotha ngati dzira sagwira, angokupatsani masabata ochepa. Mukapala silinda, itsukeni ndi madzi otentha a sopo ndi bulashi mpaka kansalu koyera katuluke koyera, muumitse n'kupaka oyilo nthawi yomweyo. Petulo kapena palafini sachotsa timchenga ta mwala wopalira, ndipo tikatsalira mwaika nokha fumbi loyamba mu injini yatsopano.

Makina a bambo a ku Bvumbwe aja sanafike patali. Chala changa chinatuluka chofiira pakhosi pa kabuleta. Fyuluta inali yatsopano ndithu, koma labala wa pansi pake kunalibe. Mnyamata wawo, titapatukira kuseri kwa galaja, anandiuza kuti anagwera m'utuchi tsiku loyamba kutsuka fyuluta, ndipo poona kuti injini ikulira bwinobwino sanauze munthu. Mano atatu anali othyoka, waya wa Oil Alert unali bwino. Silinda inali itadutsa malire, moti tinaitumiza ku Limbe kukakulitsa n'kuika pisitoni yokulirapo. Powapatsa makinawo ndinamangirira kabuku ndi pensulo pa chogwirira kuti azilemba maola, ndi mafyuluta awiri apadera m'jumbo.

"Nanga kalabala aka ndi ndalama zingati, a mekaniki?"

Nditawauza mtengo wake anakhala chete kanthawi, kenako anati ndiwapatse tiwiri.